Masamu a M'miyendo

Sukulu yanga yoyamba inali kumidzi ya kufupi ndi Champhira, ndipo ndikati sukulu musaganize za njerwa. Chinali tchalitchi cha mitengo ndi dothi, chofolera ndi udzu, chomwe Lamulungu chinali cha Mulungu, masiku enawo n'kukhala changa ndi mbuzi. Mipando inali zipika zogoneka pansi. Masileti analipo owerengeka, ena mwa iwo zibenthu. A mishoni ananditumiza kumeneko ndili mnyamata wosakwatira, Mchewa wa ku Kasungu, nthawi imene Boma la Azungu linali litangoyamba kumanga tinyumba take ku Mzimba. Amayi anga anali atalengeza kale mudzi wonse kuti mwana wawo ndi mphunzitsi, mpaka anasiya kundiitana dzina. Choncho kubwerera kwathu nditasenza mphasa kumutu kunali kosatheka, bola mkango undidye panjira.

Chondisowetsa mtendere chinali chimodzi. Chaka chilichonse mvula ikatha, Mzungu wa kumishoni ankayendera masukulu a kumidzi kudzayesa ana. Ana akalephera, mphunzitsi ankaona msana wa njira n'kubwera wina. Akalepheranso, sukulu ankaitseka, masileti n'kupita mudzi wina. Amene ndinamulowa m'malo anachoka motero chifukwa cha masamu. Ndiye kuti ine ndinali mwayi wotsiriza wa sukuluyo, ndipo sukuluyo inali mwayi wanga woyamba.

Kuwerenga ana ankayesetsa, kuimba ndiye musanene. Masamu ndiwo anali minga. Kalasi yanga yaikulu inali ya anyamata ndi atsikana osinkhuka, ena ndevu zitayamba kale kumera, oti akaimirira ndinkawayang'ana chokweza mutu. Iwo ankayankhula Chitumbuka, ine Chitumbuka changa chinali chotsimphina, ndipo ankandiyankha m'Chichewa chosakaniza pondimvera chisoni. Buku la masamu linali limodzi lokha, lachingerezi, lodzaza ndi masitima a pamtunda ndi zipatso zomwe ngakhale ineyo sindinazilawepo. Ndinaganiza mochenjera kuti zonsezo ndizisandutse ng'ombe, popeza kumeneko ng'ombe ndiye nkhani ya m'mawa ndi madzulo.

"Munthu ali ndi ng'ombe thwelofu," ndinatero tsiku lina. "Wapereka folo. Zatsala zingati?"

Kenako mnyamata wina wamtali, amene ankakhala kumbuyo chifukwa miyendo yake sinkakwana pena paliponse, anakweza dzanja.

"Asambizgi, wakwatira kwa yani?" Asambizgi ndiko kuti aphunzitsi.

"Palibe wakwatira."

"Mbwenu wapalamula mlandu?"

"Sanapalamule chilichonse. Wangopereka."

Ana anayang'anana. Wina anafunsa ngati zinali zazikazi kapena nkhunzi. Wina anafuna kudziwa ngati mkulu wake wa munthuyo anavomereza. Pamapeto pake kamtsikana kena kochepa thupi, ka maso akuthwa, kanaimirira n'kunena mwaulemu kuti munthu wopereka ng'ombe folo popanda chifukwa ndi wamisala, ndipo abale ake akazilondola n'kukazibweza, choncho zatsala thwelofu. Kalasi yonse inavomereza kuti yankho ndi lomwelo.

M'mawa mwake kunabwera bambo wina ndi nthonga yake kudzandifunsa kuti ng'ombe ndikuwerengazo ndikuwerengera Boma kodi, ndipo munthu wa thwelofuyo ndani, chifukwa iye zake sizifika pamenepo ndipo zina ndi za mlongo wake. Za ng'ombe ndinasiyira pomwepo. Ndinayesa mtedza. Kuchotsera kunayenda bwino kwambiri, koma pofika pa kuphatikiza panalibe chophatikiza. Ndinayesa timiyala, anyamata n'kumathera kulasira njiwa. Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo masiku amenewo ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Ana ankangondiyang'ana mwachifundo ngati munthu wodwala mutu waukulu.

Tsono pakhomo la sukuluyo panali mlonda wanga. Anali mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, ndipo aliyense ankawaitana kuti asekuru, ndiko kuti agogo aamuna. Kamtsikana ka maso akuthwa kaja kanali kamdzukulu kawo, kamasiye, komwe ankakalera okha. Asekuru anali aatali, owuma ngati mtengo wa muwanga, makutu obowola mabowo aakulu monga ankachitira Angoni akale. Pa unyamata wawo anapitako ku nkhondo, koma chimene anthu ankawakumbukira nacho ndi ingoma, gule wa amuna wa chishango ndi nthonga, wogunda phazi pansi akazi akuwomba m'manja. Amati iwo akagunda, nkhuku zinkathawa pamazira. Atabatizidwa anapachika chishango, nasiya mowa, ndipo iwo ndi akulu anzawo anaika lamulo loti Mkhristu wovina ingoma adulidwe mumpingo, azikhala pa chipika cha kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi oledzera ndi amitala. Ndinamva kuti Mzungu mwini wake ingoma sankadana nayo kwenikweni, koma asekuru anali atamupitirira Mzungu pa Chikhristu. Kumudzi woyandikana kukakhala gule, iwo ankanyamula khasu kupita kudimba lakutali n'kumakaimba nyimbo za Mulungu mokuwa.

Ine sankandikhulupirira n'pang'ono pomwe. Kwa iwo Mchewa aliyense anali ndi chigoba cha nyau pansi pa mphasa. Tsiku ndi tsiku ankakhala pakhomo la sukulu akupota chingwe cha luzi, khutu lili kwa ine, kudikira tsiku lomwe ndidzayambe kulira ngati chilombo.

Tsiku lina anapita kumaliro ku Manyamula, ndipo mudzi unapuma. Nthawi yopumula ndinamva pansi pakunjenjemera kuseri kwa tchalitchi. Nditasuzumira ndinapeza ophunzira anga, omwe m'kalasi ankakhala ngati maungu, ali pamzere wowongoka bwino, makungwa a mitengo ngati zishango, mapesi ngati nthonga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma khutu langa linagwira kanthu. Anyamata ankaponda pang'ono kawiri, kachitatu n'kugunda mwamphamvu. Atsikana ankawomba m'manja mosiyana nawo, pakuponda kwachinayi kulikonse. Phazi ndi manja zinkasemphana, kusemphana, kenako n'kugwera pamodzi, ndipo pamenepo anyamata onse ankakweza zishango nthawi imodzi popanda wowauza.

Ndinaitana mdzukulu wa asekuru uja. "Mumadziwa bwanji pamene phazi ndi manja zikumane?"

"Zimangokumana, asambizgi."

"Bwerezani. Koma pano muziwerenga mokweza kuponda kulikonse."

Anabwereza akuseka. Wani, thuu, kenako phazi pansi pa firii. Folo, manja. Faifi, phazi pa sikisi. Seveni, manja pa eyiti, phazi pa naini. Pofika pa thwelofu, phazi ndi manja pamodzi, zishango m'mwamba. Ndinauza anyamata kuti anditchulire manambala okhawo amene phazi lagundapo. Mnyamata wamtali uja, amene chiyambire anali asanayankhepo samu ngakhale imodzi molondola, anati firii, sikisi, naini, thwelofu, n'kupitirira yekha mpaka kumafika kwa sate phazi likumutsogolera. Ataima anatembenuka kuyang'ana kumbuyo ngati wayankha ndi wina.

"Nanga zikakumananso pati?" ndinafunsa.

Mtsikana uja anatsinzina, chala cha kuphazi chikugogoda pansi. "Twente folo. Kenako sate sikisi. Asambizgi, zikudumpha mofanana."

Ndinamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinatsala pang'ono kulowa nawo pamzere.

Kuyambira pamenepo masamu onse tinawasamutsira m'miyendo. Ndinkasintha malamulo: lero phazi ligunde pa kuponda kwachisanu, manja pa kwachiwiri, ndiuzeni pokumana musanavine, kenako tivine tione ngati mwanama. Kugawa kunakhala kophweka. Seventini kugawira anthu faifi, unkangoponda mpaka seventini n'kuwerenga kuti phazi lagunda kangati. Linkagunda katatu, n'kutsala kuponda kuwiri mwendo uli m'malere, ndiye zotsalazo. Ana anayamba kuona kadumphidwe komweko m'zinthu zina popanda ine kuwatuma. Wina anabwera ndi lichero la amayi ake kudzandionetsa kuti nsungwi ikudumpha zitatu n'kulowa pansi pa zitatu. Wina anapeza zomwezo pa mikanda ya mlongo wake, n'kubwera nayo mlongo wakeyo akumuthamangitsa. Ndinawapatsa funso loti mayi wina amapita kumtondo wa mnzake tsiku lachitatu lililonse, ndipo wogulitsa mchere amadutsa pamenepo tsiku lachinayi lililonse, adzakumana liti. Anayankha onse pamodzi kuti tsiku la thwelofu, kenako mnyamata wamtali uja anafunsa ngati mwamuna wa mayiyo akudziwa.

Vuto linali asekuru, omwe anabwerako kumaliro ali ndi makutu awo onse awiri. Ndinawauza kuti denga la tchalitchi likudontha ndipo ndizipita ndi ana kudambo masana kukamweta udzu. Anakondwera. Kudamboko tinkavina masamu athu kuseri kwa chulu, pobwera aliyense mtolo wa udzu pamutu. Tinafolera tchalitchicho, n'kufoleranso pamwamba pake, n'kuwonjezanso, mpaka denga linanenepa kuposa la tchalitchi china chilichonse kuchokera ku Champhira kukafika ku Mzimba, mitengo yake n'kuyamba kupindika. Lamulungu lina asekuru anandiyamikira pamaso pa mpingo kuti ngakhale ndine Mchewa, ndili ndi changu pa nyumba ya Mulungu. Ndinayankha kuti yewo chomene, maso ali pansi.

Koma munthu amene anavina ingoma theka la moyo wake samva ndi makutu okha. Masana ena tili pakati pa tebulo la seveni, fumbi lili koboo, ndinaona atsikana asiya kuwomba m'manja mmodzimmodzi. Nditatembenuka, asekuru anali ataima pamwamba pa chulu, ndodo ili m'manja. Sindidziwa kuti anaimapo nthawi yaitali bwanji.

"A msambizgi, udzu wake ndi umenewu?"

"Asekuru, awa ndi masamu. Si gule ayi. Tamverani, akuwerenga."

Anatsika pachulupo pang'onopang'ono n'kudzaima pafupi nane. "Iwe mnyamata, ine ingoma ndinayamba kuvina amako asanamere mano. Iyi ndi ingoma." Anayang'ana mzere wa anyamata kuchokera uku kukafika uko. "Ndipo mukuivina moipa."

Chigamulo chawo chinali chachidule. Nkhaniyi akaitula kwa Mzungu tsiku lomwe adzabwere. Kufikira tsikulo, maphunziro onse azichitikira m'tchalitchi, ana ataima chilili, manja atapinda pachifuwa monga amafunira a mishoni, mapazi ali phee. Mdzukulu wawo anamuuza pamaso pa onse kuti akadzangogwedeza phazi m'nyumba ya Mulungu, akafune agogo ena.

M'pamene ndinazindikira tsoka langa. Masamu ndinawaika m'miyendo, ndipo kumutu anali asanakwere. Mwana yemwe kudambo ankakuuza naini kuchulukitsa ndi seveni asanapume, ukamuimika chilili ankangoti kakasi, maso ali kudenga. Ena ankayesa kugwedeza zala za kumapazi mobisa, koma asekuru anasamuka pakhomo n'kudzakhala kutsogolo, maso ali pamapazi a ana ngati munthu wolondera mbalame m'munda wa mapira. Ndinayesa kuwaloweza pamtima, osatheka. Ndinayesa kukalipa, osatheka. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkaona amayi anga akundichingamira pamphambano, anthu a m'mudzi ali kumbuyo kwawo, ine ndi kamphasa kanga kumutu. Ndinali ndi mantha, ndipo nkhalamba ija ndinadana nayo ndi mtima wanga wonse.

Mzungu anafika m'mawa wina nyengo ya chisanu, pa njinga imene anthu awiri ankamukankhira pamchenga. Anali wofiira ngati nyama yowamba, ndipo Chitumbuka ankachiyankhula bwino kuposa ine, zomwe zinandiwawa padera. Asanakhale n'komwe pansi, asekuru anamuuza kuti ali ndi mlandu wokhudza mphunzitsi. Mzungu anati mlandu udikire, ayambe wayesa ana. Anakhala pa chipika cha kutsogolo, asekuru pambali pake. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, Akhristu mkati, osapemphera ali m'mazenera ndi pakhomo.

Kuwerenga kunayenda. Nyimbo ana anaimba mpaka Mzungu anagwedeza mutu. Kenako anati tione masamu.

Anayamba ndi mnyamata wamtali uja. Sikisi kuchulukitsa ndi folo. Mnyamatayo anayang'ana mapazi ake, anayang'ana asekuru, n'kuyankha kuti zimatengera. Mzungu anafunsa kuti zimatengera chiyani, iye anati sakudziwa. Wachiwiri anati handiredi, poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yaulemu kwa mlendo. Wachitatu anangolira. Mzere wonse unatha motero, ndipo Mzungu anandiyang'ana mosakwiya, mwachisoni, kuyang'ana kumene munthu amayang'ana mbuzi yoti iphedwa mawa. Anati afunsa funso limodzi lotsiriza, n'kuloza kamtsikana kochepa thupi ka kumapeto. Sankadziwa kuti ndi mdzukulu wa munthu amene wakhala naye pambali.

"Amtengatenga awiri anyamuka limodzi ku Mzimba," anatero. "Wina amatula katundu pa mtsinje wachitatu uliwonse. Mnzake amatula pa wachinayi uliwonse. Adzapumira limodzi pa mtsinje wachingati?"

Funso limenelo mwanayo akanaliyankha ali m'tulo. Ndinaona zala za kumapazi kwake zikukanda dothi n'kudzigwira. Anayang'ana agogo ake. Manja ali chipindire pachifuwa, misozi inayamba kutsika yokha popanda mawu. Mwana ameneyu sindinamuonepo akulira, ngakhale tsiku lomwe analumidwa ndi chinkhanira. M'tchalitchi monse munali chete moti tinkamva mbuzi ikudzikanda kukhoma kunja.

Kenako ndinamva kaphokoso pansi. Kawiri pang'ono, kachitatu mwamphamvu. Ndinayang'ana anyamata, onse anali chiimire. Kanamvekanso, kawiri pang'ono, kachitatu mwamphamvu. Asekuru anali atakhala mowongoka, nkhope youma, maso ali kudenga ngati akuwerenga udzu tinafolera uja, manja onse awiri atakanikiza bondo lakumanja. Koma chidendene cha mwendo womwewo chinkakwera ndi kutsika chokha.

Mwanayo anamva. Milomo yake inayamba kuwerenga. Mayi wina wosapemphera amene anali pazenera, poti manja ake analibe lamulo lowaletsa, anawomba pa kuponda kwachinayi, anzake n'kumulandira. Phazi ndi manja zinasemphana, kusemphana, ndipo zitayandikira pokumana, asekuru anadzuka. Sindikhulupirira kuti anafuna. Mwendo unakwera mpaka bondo kufika pachifuwa, n'kutsika. Zimene anthu ankanena za nkhuku kuthawa pamazira ndinazikhulupirira tsiku limenelo. Fumbi linasesereka kuchokera kudenga lathu lonenepa lija, buluzi n'kugwera pa chipewa cha Mzungu.

"Wa thwelofu," anatero mtsikanayo, misozi ili m'masaya. "Akapitirira ulendo, adzapumiranso limodzi pa wa twente folo."

Asekuru anakhala pansi n'kuyang'ananso kudenga. Koma ana anali ataona, ndipo mapazi onse anamasuka. Mzungu anachotsa buluzi pachipewa, n'kubwerera kwa mnyamata wamtali uja ndi sikisi kuchulukitsa ndi folo yemwe uja. Mnyamatayo anaponda, anagunda, n'kuyankha molondola. Mzungu anafunsa lina lovutirapo, la kugawa, ndipo wina analiyankha mwendo uli m'malere, n'kunena kuti zotsala ndi ziwiri. Anafunsa mzere wonse kubwerera, akuyetsemula ndi fumbi, mayankho akutuluka pansi ngati ngumbi. Anandifunsa kuti njira imeneyi ndinaiphunzira kuti. Ndinayankha kuti kuseri kwa tchalitchi.

Fumbi litakhazikika, Mzungu anatembenukira kwa asekuru. "Adada, munati muli ndi mlandu."

"Mlandu ulipo," anatero asekuru, "koma wasintha mwini."

"Kodi munavina?"

"Ine sindinavine. Wavina ndi mwendo." Anauyang'ana mwendowo mokwiya ngati galu amene waba nyama pamaso pa alendo. "Tsiku lija munandibatiza, munandithira timadzi pamutu pokha, tochepa chomene. Kunsi kuno sitinafike."

Mzungu anatulutsa kansalu n'kutsokomoleramo nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Atatha anati sukulu ipitirira ndipo mphunzitsi akhala, kungoti chaka chamawa akufuna kudzapeza masamuwo atakwera kufika kumutu, chifukwa ana amenewa sadzavina m'sitolo kapena pamaso pa Boma. Za mwendo anati iye sanaone bwino chifukwa cha fumbi, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Anakwera njinga yake, anthu awiri aja n'kuyamba kukankha.

Ine ndinasangalala ngati mwana. Ndinadya madzulo amenewo chakudya cha anthu atatu. Ndinkaganiza kuti zonse zatha bwino, poti Mzungu mwini wake watseka maso.

Koma asekuru sanali munthu wobisala kuseri kwa fumbi. Loweruka anaitana akulu anzawo n'kudzitengera okha mlandu. Anzawo anayesa kuwakhululukira, iwo anakana. Ndinapita kunyumba kwawo kukawapempha, ndinawapeza akupota chingwe pakhonde. Ndinati cholakwa ndi changa, ndine ndinabweretsa gule pasukulu, ngati pali wodulidwa ndikhale ine.

"Iwe ukadulidwa, ana aphunzitsa ndani?" anatero osandiyang'ana. "Lamulo ndinaika ndine. Ndinadula nalo anthu, ena mpaka lero sandipatsa moni. Lero lafika pakhomo panga ndiye ndinene kuti kunali fumbi?" Anapota chingwe chija kanthawi. "Komanso uwauze anyamata ako kuti phazi silitsika ndi zala. Limatsika lonse. Zimene mumachita kudambo zija n'zochititsa manyazi."

Ndinachoka pamenepo. Munthu amene ndinkamuda ndi mtima wonse anali atandigulira sukulu potaya mpando wake wa kutsogolo, ndipo sindinadziwe kuti ndimuthokoze bwanji osamukwiyitsa.

Lamulungu m'mawa ndinaima kutsogolo, popeza kumidzi mphunzitsi ndiye ankatsogolera mapemphero. Anthu atakhala kale, asekuru analowa atavala jekete yawo ya masiku onse a Mulungu. Malo awo a kutsogolo, pamene anakhalapo chimangire tchalitchicho, anali opanda munthu. Sanawayang'ane. Anakhotera kumbuyo, ku chipika cha odulidwa, pomwe panali bambo wina wamitala ndi woledzera wina amene iwo omwe anamudula. Awiriwo anasendera msanga, woledzerayo n'kupukuta pokhalapo ndi dzanja. Asekuru anakhala, msana uli chilili.

Ndinatchula nyimbo, koma mawu anandikanika, moti anayambitsa ndi mayi wina. Inali nyimbo ya kayimbidwe ka Chingoni, yoyenda mwamphamvu, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndasankha molakwika. Tili pa ndime yoyamba ndinaona mdzukulu uja akudzuka kumbali ya atsikana. Anadutsa pakati pa tchalitchi anthu onse akumuona, n'kukakhala pansi pafupi ndi chipika cha kumbuyo, pa mapazi a agogo ake. Anagwira bondo lawo lakumanja ndi manja onse awiri n'kulikanikiza pansi. Asekuru anapitiriza kuimba maso ali kutsogolo, ndipo mwanayo sanachotse manja mpaka nyimbo inatha.